Bulugama wa Tobias

"Nthambi zogwa zokha ndi mphepo, achimwene! M'munda wa amayi anga! Mpaka kunditumizira alonda ngati ndaba mbuzi?"

Lyness anaponya mtolo wa nkhuni pamapazi pa mlongo wake Tobias. Fumbi linakwera pa jombo zatsopano zimene Tobias anapatsidwa ndi kampani ya mitengo imene ankaigwirira ntchito. Tobias anayang'ana jombozo kaye, kenako mlongo wake.

"Tola nkhunizo ukazibweze komwe wazitenga."

"Ndikazimate pamtengo?"

"Usandiyankhe ngati mnzako wa kuchigayo. Nthaka ndi yathu, inde, koma mitengo ndi ya kampani. Tsamba, khungwa, nthambi, zonse. Ameneyu si bulugama wotola aliyense. Mbewu yake akatswiri anaisintha chibadwa kuti izikula msanga, ikapangidwe mapepala. Ukuganiza anthu ophunzira anavutika zaka zonsezo kuti iwe uzifunditsira madzi?"

"Madzi osambitsa wodwala. Mlamu wanu uyo."

Pakhonde, Jonas Namaona, mwamuna wa Lyness, anagona pamkeka atafunda bulangete ngakhale dzuwa linali litakwera. Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera kudzacheka mphira ku esiteti, n'kukwatira kuno ku Kande. Chifuwa chinamutsitsa pantchito, ndipo tsopano mkono wake unali ngati bango.

Bambo wa Tobias ndi Lyness, a Mizeck Longwe, anakhala pachitsa pansi pa mango, akusema mpini wa khasu. Chimwalirire akazi awo mawu awo anachepa, moti ena m'mudzi ankati anakwiriridwa limodzi ndi mayiwo. Sanadzutse mutu.

"Poti tayamba, timalize," anatero Tobias. "Mvula isanagwe kampani ikufuna theka lotsala la mundawo, mpaka kudambo."

"Kudambo komwe ndimaviika chinangwa?"

"Komweko."

"Theka loyamba munapereka amayi asanazizire m'manda. Chitsime chapakati pa munda chinauma, mitengo yanuyo imamwa madzi ngati ng'ombe. Chinangwa cha m'malire chikubereka ngati zala. Tsopano mukufuna ndi dambo lomwe. Ana anga adya chiyani, mapepala?"

"Ana ako ali ndi kwawo. Ku Mulanje kuli nandolo, kuli chinanazi, mvula sileka."

Jonas anadzuka pang'ono, atatsamira chigongono. "Alamu, ndili pano. Sindinafe."

"Sindinati mwafa, alamu. Ndikungoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame!" Lyness anaomba m'manja. "Mame amene ananyamula amayi kumsana mpaka kumsewu, inu muli ku Joni kusambitsa agalu a azungu? Munabwerako ndi chiyani? Wayilesi yosalankhula ndi Chingerezi cha m'mphuno!"

"Iwe, ndikuthira mbama pamaso pa ana ako."

"Thirani. Mwatenga munda, mbama n'chiyani?"

Tobias anatembenukira kwa bambo ake pansi pa mango. "Ada, mwamva mmene akundiyankhira? Mudzi uno wakhala ukudya chinangwa kuyambira nthawi ya amishoni ku Bandawe. Watukuka? Mitengo imeneyi ikakhwima kampani idzangotenga thunthu, zotsala zonse n'zathu. Milimo, nsichi, mathandala oyanikapo usipa. Ndi bulugama ngati bulugama aliyense, kungoti ndi wachangu. Mabanja ena akudikira kuti aone a Longwe atani. Ife tikakana, ine ndikaima bwanji pamsonkhano wa kampani? Nenani kanthu, ada."

A Longwe anauzira fumbi pampini, n'kuuyeza ndi diso.

"Lyness," anatero, "wodwala akudikira madzi."

Lyness anatola mtolo wake n'kupita nawo kuseri kwa nyumba.

Sabata yotsatira mwera unaomba osapuma. Asodzi anakokera mabwato kumtunda. Utaleka, Tobias anapeza mitengo ingapo m'munda wa kampani itathyoka pakati, ina itaweramira pansi ngati chimanga chogwa ndi namondwe. Anaimba foni. Masana galimoto yoyera inaima pamsewu wa tala, ndipo munatuluka Mayi Zalira, mlangizi wa kampani wochokera ku Lilongwe. Anayenda m'mizere akujambula ndi foni.

"Osadandaula, a Tobias," anatero. "Timayembekezera zimenezi. Paja uno ndi munda woyesera."

"Koma bulugama sathyoka chonchi, madamu. Wa kutchalitchi uja waona mwera wa zaka zambiri, adakaima."

"Uja ndi wachikale. Taonani." Anatola kachidutswa n'kukakanikiza ndi chikhadabo, chikhadabo n'kulowa. "Mumtengo muli chinthu chimene chimaulimbitsa. Chimenecho kufakitale ndi mdani, chimadya mankhwala ndi magetsi ambiri pochichotsa kuti patsale zopangira pepala. Ndiye akatswiri anachichepetsa m'mbewu momwemo. Mtengo wathu ndi wofewa dala. Ndiko kukoma kwake."

"Nanga milimo? Ine ndakhala ndikuuza anthu kuti zotsala adzamangira nyumba."

Mayi Zalira anaseka. "Nyumba? Ngakhale khola la nkhunda ayi. Munthu asayerekeze kuusenzetsa katundu. Ndani anati muzinena zimenezo?"

"Palibe. Koma popanda mawu amenewo anthu kuno sangapereke munda. Kwa ife mtengo ndi nsichi ndi nkhuni. Pepala aliona kusukulu basi." Tobias anayang'ana uku ndi uku. "Pamsonkhano wa mwezi wamawa musadzatchule zimenezi, madamu."

"Ine Chitonga sindimva, mumalankhula ndinu. Chimene ndikufuna ndi malo, ndipo ndiyambira dambo lanu lija. Mtsogoleri amayamba ndi kwawo. Mukalephera, alipo ena amene jombozo zingawakwane."

Tobias anakokera mitengo yothyokayo pakati pa munda, n'kuifotsera ndi masamba.

Masiku amenewo Jonas analeka kudya. Mankhwala ochokera kuchipatala ku Chintheche ankangowayang'ana. M'mawa wina, Lyness atapita kudambo, a Longwe anabwera kudzakhala m'mphepete mwa mkeka. 

"Ada," anatero Jonas, "ulendo wa ku Mulanje sindiutha, wamoyo kapena wakufa. Kwathu kuja malo anatha kalekale, abale anga akulima m'mbali mwa msewu. Mukanditumiza, mwatumiza Lyness ndi ana ku njala. Mundiike kuno."

A Longwe anakonza bulangete pamapazi pake.

"Ndamva," anatero.

Jonas anamwalira Lachiwiri, tambala atalira kale, anthu akutsegula zitseko. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anadzaza m'nyumba n'kuyamba nyimbo. Amuna anakhala pansi pa mango. Tobias anafika atavala malaya a kampani, anagwada pafupi ndi bambo ake n'kulankhula motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwenikweni.

"Ada, galimoto ndapeza. Kampani yavomera kuthandiza. Thupi linyamuke lero, Lyness ndi ana aperekeze. Munthu amagona kwawo."

Lyness anamva ali pakhomo. Anatuluka mpango uli m'manja, maso atatupa.

"Kampani yokaniza nthambi lero yapereka galimoto? Chifundo chimenechi chachokera kuti, achimwene? Mukufuna ndikakwere, pobwera ndidzapeze dambo lili m'mizere!"

"Lowa m'nyumba. Namfedwa salankhula pabwalo."

"Ndilankhula! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamuna wanga sanazizire, inu mukuyeza kale munda ndi maso."

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Manyazi mukanakhala nawo mukanavula malayawo pobwera pamaliro."

Mkulu wa mpingo anadzutsa dzanja. "Ana inu, chibale ndi fupa, sichiola. A Longwe, mutu ukakula sulewa nkhonya. Tiuzeni, tikonze zotani?"

A Longwe anayang'ana kumanda, kuseri kwa minda, komwe kunagona akazi awo.

"Agona pano."

"Ada, taganizani bwino. Abale ake akadzafunsa..."

"Ndati agona pano."

Tobias anadzuka n'kukung'untha maondo. Mkulu wake wa Jonas, atamuimbira foni ku Mulanje, anangothokoza, n'kunena kuti akwera basi ya usiku adzaone poika.

M'mawa mwake adzukulu anapita kukakumba. Mtsogoleri wawo anali Lloyd Kamanga, msodzi wamtali wosasunga mawu m'kamwa. Manda a kuno amakhala ndi maenje awiri: dzenje lalikulu, ndipo pansi pake kadzenje kena kongokwana bokosi. Bokosi likalowa, pamwamba pake amayalapo mitengo mopingasa, kenako mkeka, kuti dothi lisatsamire wakufa. Mitengoyo amadula m'munda wa banja loferedwa, ndipo palibe amakaniza. M'munda wa a Longwe munalibe mtengo wina koma bulugama wa kampani.

Tobias anawapeza ali m'malire, zikwanje zili m'manja.

"Imani! Mukutani?"

"Tikumeta ndevu," anatero Lloyd. "Ukuona ngati tikutani? Tikufuna mitengo ya mlamu wako."

"Iyi ayi. Pitani kuphiri."

"Kuphiri? Tibwereko dzuwa litalowa, munthu akununkha m'nyumba? Iwe Tobias, ku Joni unasiyako nzeru zokha kapena ndi mwambo womwe? Maliro n'kulirana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndi ya kampani."

"Kampani idzakukumbira manda? Idzabwera ndi madamu aja a nsapato zazitali kudzakutsitsa?" Anyamata anaseka. "Kapena pali chimene ukubisa? Si iwe unaima pasitolo n'kutiuza kuti uyu ndi bulugama ngati bulugama aliyense, tidzamangira nyumba za malata? Ine ndinali nditaganiza kale zopereka munda wa kumtunda. Tsono ngati sangathe kugona pamwamba pa bokosi, adzanyamula denga langa?"

Onse anamuyang'ana. Pakati pawo panali amuna a mabanja amene ankayembekezeka pamsonkhano uja. 

"Angathe," anatero Tobias. "Dulani ya m'mphepete. Sankhani yonenepa."

Chikwanje cha Lloyd chinadutsa thunthu ngati chikudula nthochi. "Eee, koma ndi wosavuta! Wowongoka ngati kandulo. Jonas agona mwaulemu."

Masana mudzi wonse unali kumanda. Azimayi anakhala cha kumbuyo, Lyness ali pakati pawo atagwiriziridwa ndi anzake. A Longwe anaima kumutu kwa dzenje, chipewa chili m'manja, pambali pawo mkulu wake wa Jonas. Bokosi linatsika ndi zingwe. Adzukulu anayala mitengo yoyera, yosendedwa bwino, n'kufunditsa mkeka. A Longwe anaiyang'anitsitsa mitengoyo, kenako anayang'ana mwana wawo. Tobias anali kuyang'ana nyimbo m'buku.

Mkulu wa mpingo anaponya dothi loyamba. Makasu ndi mafosholo anayamba. Dothi la kumanda kuno ndi lofiira, lolemera, losunga chinyezi. Litafika pakati, Lloyd analumphira m'dzenje kuti alipondeponde monga amachitira nthawi zonse, nyimbo ikupitirira. Anaponda mbali ina, anaponda inzake.

Pansi panamveka phwa! Kenako phwa, phwa, motsatizana. Dothi linatitimira pakati ngati lamezedwa, ndipo Lloyd analowa mpaka m'maondo. Pomaliza panamveka kulira kwina, kosiyana ndi koyambako, kwa thabwa louma likung'aluka.

Nyimbo inaduka. Lyness anakuwa, n'kudzimasula m'manja mwa azimayi.

"Mwamuphwanya! Mwamuphwanya Jonas!"

Anzake anamukoka Lloyd. Anatuluka ali ndi chidutswa cha mtengo m'manja. Anachipotokola pamaso pa anthu, ndipo chinanyenyeka ngati phesi la chimanga.

"Ndakumba manda kuyambira ndili mnyamata," anatero, "sindinapondepo munthu pachifuwa. Tobias! N'chiyani ichi?"

"Mitengo yaiwisi imatero nthawi zina. Mwina munasankha yaing'ono."

"Yaing'ono? Ntchafu yako ndi imeneyi?"

A Longwe anavala chipewa, n'kuchivulanso. Anayenda kuzungulira dzenje mpaka anaima pamaso pa mwana wawo.

"Unkadziwa?"

"Ada, pano si malo ake."

"Unkadziwa?"

Anthu anayandikira. Wina kumbuyo anati, "Ayankhe!" Mkulu wake wa Jonas anali atagwada m'mphepete mwa dzenje, manja ali kumutu. Tobias anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda mulu wa dothi.

"Ndinawaletsa!" anakuwa. "Afunseni, ndinati apite kuphiri! Imeneyi si mitengo yosenza katundu, ndi ya mapepala! Anaipanga yofewa dala! Ine ndikanatani?"



"Dala," anatero Lloyd pang'onopang'ono. "Ndiye denga langa lija? Ana anga akanagona pansi pa zimenezi?" Anaponya chidutswa chija pamapazi pa Tobias. "Ife takumba kamodzi. Kukumba manda amodzi kawiri ndi kuitana maliro ena, ndipo ine sindiitanira ana anga imfa chifukwa cha jombo zako. Afukule mwini mitengo."

Adzukulu onse anaika makasu pansi.

"Wachibale salowa m'manda," anatero Tobias, akuyang'ana mkulu wa mpingo. "Akulu ampingo, auzeni. Mwambo sulola."

"Lero wakumbuka mwambo?" anatero Lyness. Mawu ake anali atasasa. "Si paja munati ndi mlendo, achimwene? Chibale chayamba liti?"

Mkulu wa mpingo anatseka Baibulo. A Longwe anatola fosholo n'kuikankhira pachifuwa cha mwana wawo.

"Tsika."

Tobias anatsika. Anafukula yekha, dzuwa likupendeka, anthu ali chiimire. Palibe anaimba. Dothi linalowa m'jombo, malaya a kampani anasanduka ofiira. Atafika pamkeka anasiya fosholo n'kumachotsa ndi manja. Anatulutsa mitengo yothyoka umodzi umodzi, n'kumaiponya kunja. Chivundikiro cha bokosi chinali chitang'aluka kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi, ndipo pamng'alupo pankaoneka nsalu yoyera. Tobias anatembenuza nkhope.

Nthawi imeneyo asodzi anali atathamangira kunyanja. Anabwerako ndi matabwa a boti lakale ndi nkhafi zolimba zakuda ndi thukuta, aliyense yake, n'kuziunjika pambali pa manda kuti zilowe m'malo mwa mitengo yothyoka ija. Mkulu wake wa Jonas anaziona, n'kuyamba kulira mokweza.

Dzenje linali lakuya kuposa msinkhu wa munthu. Tobias anayesa kukwera, dothi linagumuka. Anayesanso, anaterereka n'kugwada pabokosi. Anakweza dzanja.

"Ndikokeni."

Palibe anasuntha. Onse anayang'ana a Longwe. Iwo anaima m'mphepete, manja ali kumbuyo.

"Munda," anatero.

"Ada, tikakambirana kunyumba."

"Pano."

"Ntchito indithera, ada. Mukudziwa mmene ndinabwerera ku Joni, chimanjamanja. Ndikabweza mawu kwa madamu aja, ine ndatha."

 Mawu onenedwa m'manda, mudzi wonse ukumva, sabwezedwa, ndipo Tobias ankadziwa zimenezo monga aliyense amene anaima pamenepo. Anayang'ana nkhope zozungulira dzenje, kufunafuna imodzi yomumvera chisoni. Anapeza ya mlongo wake, yowuma.

"Theka lotsalalo ndi la Lyness," anang'ung'udza.

"Kweza mawu. Mlamu wako sanamve."

Tobias anayang'ana pansi, pamng'alu wa bokosi pakati pa mapazi ake.

"Munda wotsala, ndi dambo lomwe, ndi wa Lyness ndi ana ake! Kampani sidzapondamo!"

A Longwe anatembenuka, osatambasula dzanja.

"Mutulutseni," anauza Lloyd. "Tiike munthu."